Chifuwa Changa Chili mu Envulopu

Atsala masiku makumi awiri ndi limodzi
pa chidindo chimene chinandilowetsa muno.
Ndimawawerenga m'mawa uliwonse ngati mapiritsi.

Ndinabwera mosinthana:
mwana wawo ku Zomba, ine ku Braamfontein,
ngati amayi awiri obwerekana mbale pampanda.
Chaka chimodzi, anatero, kenako mbale ibwerere.
Koma mbale yazolowera kabati ya eni.

Pansanjika yachinayi ndimayeza madzi otuluka m'migodi yakale,
madzi ofiirira ngati tiyi wogonetsa.
A Dokotala Sithebe akuti, Ndaziona, usapite,
manja ako sanjenjemera.
Analemba, anasayina, anadinda.
Kalata yawo ikuti ndikufunika.
Pasipoti yanga ikuti ndimangodutsa.

Ndiye ndili pamzere ku Rivonia kusanache,
Juni akuluma makutu,
envulopu ya khaki m'kati mwa jekete ngati khanda.
Muli kalata ya apolisi yoti sindinabepo,
muli digiri yanga, ataiyika kale pasikelo yawo
kuti aone ngati ikulemera ngati za kuno,
zithunzi ziwiri zosamwetulira,
umboni woti anafunafuna mwana wa dziko lino osam'peza,
ndi ekisire ya chifuwa changa.

Chifuwacho ndinachiyang'ana pawindo la minibasi,
nthiti zoyera zitaphimba nsanja ya Hillbrow.

Agogo anga aamuna, a Folosi Chikopa,
anafika mumzinda uno ndi Wenela.
Analibe envulopu.
Anawavula malaya, kuwakweza pasikelo,
chala mu inki, basi, tsikira pansi.
Joni anawabweza ndi wailesi, jasi lalitali,
ndi chifuwa cholira ngati chitseko usiku wonse
mpaka chaka chimene chinaleka.
Potuluka palibe anawafunsa chithunzi.
Lero mzinda womwewo ukuti,
tione mapapo ako, mwina watibweretsera matenda.

Pageti pali bambo wa chipewa chachikopa.
Wandizindikira ndi kayankhulidwe.
Achemwali, ndili ndi munthu wanga m'katimo,
zikwi zisanu ndi zitatu, Lachisanu mwatenga.
Akununkhira sopo wabwino.
Ndayang'ana nsapato zanga mpaka wapita kwa wina.

Nambala yanga yawala.
Mtsikana wa zikhadabo zobiriwira akutembenuza mapepala
ngati wosankha kaunjika amene sakufuna kugula.
Waima pa chidindo chija.
Sisi, mtundu uwu umavuta kusinthira muno.
Mwina mukapemphere kwanu.
Mwina.
Ogamula sakhala pano, ine ndimangolandira.
Ndafuna kufunsa kuti amakhala kuti,
ngati amadya nkhomaliro, ngati ali ndi ana,
koma wandigwira kale chala
n'kuchikanikiza pagalasi lowala.
Chala chomwechija, agogo, inki yokha ndiyo yatha.

Ndatuluka ndi lisiti.
Kapepala kopyapyala, kofufutika ndi thukuta,
ndiko dziko langa tsopano.
Ndakajambula kanayi.
Kamodzi kali pansi pa matiresi ku Yeoville,
kena kuseri kwa foni.

Usiku ndimalowetsa nambala ija,
yankho lake limodzimodzi ngati la wangongole.
Amayi akuimba kuchokera ku Luchenza:
nanga ukwati wa Mwandida, ubwera?
Ndikuti netiweki, amayi, simukumveka.
Akumveka bwinobwino.
Ndikumva ngakhale nkhuku kumbuyo kwawo.

Atsala masiku asanu ndi anayi.
Sutikesi ndaitsitsa pamwamba pa wadiropu,
sindinaitsekule.
Ingokhala pakati pa chipinda, ndimailambalala.

M'mawa uno abweretsa botolo lina
la ku mgodi wa kumadzulo, wotsekedwa kalekale.
Sindidziwa ngati ndi umene agogo anakumba.
Ndaligwedeza, ndaliika pathebulo,
ndadikira fumbi likhale pansi.
Limatenga nthawi, fumbi la kuno.

Pa kapepala ka botolo ndalemba tsiku, malo,
ndi dzina langa lonse.
Pamzere wofunsa udindo
ndasiya mpata.